Njati Imene Tinati Sitinailase

Abale ndi alongo, khalani bwino pa mabenchi anuwo, pakuti amene waima patsogolo panu lero si munthu wamba. Ine Kenani Zulu wa m'Kapata muno ndaonapo mikango ikugwa. Ndaimapo pafupi ndi njovu ikupuma komaliza. Zithunzi zanga zapachikidwa m'nyumba za anthu olemera kutsidya kwa nyanja, m'maiko amene ngakhale aphunzitsi anga sankawatchula bwino. Mukadzazipeza zithunzizo muyang'ane kumbuyo kwenikweni, kupitirira nyama, kupitirira mlendo wa mfuti, kupitirira galimoto. Mudzaona kamunthu kowonda katanyamula bokosi la zakumwa zozizira. Ndine ameneyo. Mfuti sindinaombepo. Chamoyo chimene ndinachiphapo ndi mpeni ndi nkhuku basi, nayonso inayamba yandikanda.

Mwaseka, zikomo. Sekerani tsopano, chifukwa kutsogoloku kulibe.

Ndinalowa koleji kukaphunzira zosamalira alendo, ndipo ndinachita bwino kwambiri moti anandilola kuchoka ndisanamalize. Fizi imene atate anatuluka nayo thukuta ku Kasenengwa ndinaigawa mwachilungamo pakati pa mowa ndi kubetcha mpira. Ndinatuluka ndi zinthu ziwiri, Chingerezi ndi tayi. Chingerezicho n'chimene chinandipezera ntchito ku Malambo, pa kampu ina ya alenje. Dzina la kampuyo sinditchula. Mwini wake, amenenso anali mlenje wamkulu, tinkamutcha a Chipewa, chifukwa chipewa sankavula ngakhale pakudya. Ntchito yanga inali kulandira alendo obwera kudzasaka, kuwaseketsa, ndi kumasulira pakati pa iwo ndi anthu olondola mapazi a nyama.

Ndikuona ena mwa inu mukupita kumakampu chaka chino dzinja likatha, ndiye mumve. Anthu amaganiza kuti ulenje umenewu ndi kungolipira n'kuwombera. Uli ndi malamulo ake, ndipo poyamba ndinkawanyadira ngati ndinawalemba ndine. Nyama suiwombera uli pa galimoto. Umatsika, umaiyendera pansi, nayonso ikhale ndi mpata wokununkhiza n'kuthawa. Koma lamulo lalikulu ndi la magazi. Dontho limodzi likangogwa, nyamayo ndi yako. Ulipira, ichotsedwa pa chiwerengero chimene boma linakupatsa, ndipo uilondola mpaka uimalize. Ikakusowa, uuza sikauti wa boma amene amayenda nanu, ndipo uthenga upita m'midzi kuti anthu asayende mbali imeneyo. Njati yabwinobwino imathawa munthu. Njati yolasidwa imalowa m'bango n'kudikira.

Kumeneko ndinakwatirako. Mkazi wanga, amake Chisomo, kwawo ndi mudzi woyandikana ndi kampu, ndipo anali ndi mchimwene wake, Lackson. Mukudziwa mmene chilamu chimakhalira. Munthu ameneyu sanandipatsepo ulemu ngakhale tsiku limodzi, ndipo sindinakondepo munthu ngati iye. Ndiye anandipatsa dzina la Pulofesa.

“A Pulofesa, tamasulirani,” ankatero akandipeza pakhonde. “Mbuziyi ikuti chiyani m'Chingerezi?”

“Ikuti alamu anga akasambe.”

“Mlongo wangayu tinamutaya ndithu. Tinkafuna mkamwini wolima, atibweretsera wailesi.”

Anali ndi dimba m'mbali mwa kamtsinje, la repu, tomato ndi anyezi, ndipo masamba ambiri a pa kampu ankachokera kwa iye.

Chaka chimenecho tinalandira mlendo wachikulire, wofatsa, amene anasunga ndalama zaka zambiri kuti adzasake njati imodzi. Pa chiwerengero chathu inatsalanso imodzi yomweyo. Tinayenda masiku, osapeza yamphongo yokalamba. Ulendo wake unali pafupi kutha, ndipo a Chipewa ankafuna kuti munthuyo apite ndi nyanga, abwerenso chaka chamawa kudzasaka mkango, kumene kuli ndalama zenizeni. Tsiku lina dzuwa litapendeka tikubwerera, tinaona njati yamphongo itaima patali, kutsidya kwa dambo. Sikauti anali atatsalira kumbuyo ndi galimoto yachiwiri imene inaphulika tayala. A Chipewa anati, wombera. Mlendo anati ndi kutali, ndiponso tili pa galimoto. A Chipewa anati, wombera, mwayi wina palibe. Anawombera. Njati inadumpha, inapinda msana, n'kulowa m'tchire.

Ine ndi wolondola mapazi tinatumidwa kukaona. Tinapeza magazi pa udzu, akuda, osakanikirana ndi zam'mimba. Mnzangayo anati, “Yalasidwa pamimba. Yalowera kumtsinje.” A Chipewa anatipeza pomwepo, anayang'ana pansi, anayang'ana bango la kutsogolo, anayang'ana dzuwa. Kenako anandiyang'ana ine.

“Pulofesa, sitinailase. Wamva? Kauze mlendo.”

Sanandiopseze. Ndikufuna mumve bwino pamenepa, chifukwa ndakhala ndikufuna kunena kuti anandiopseza, koma sanatero. Anangonena, ine ndinakankha mchenga ndi nsapato kukwirira magazi aja, n'kubwerera ku galimoto. Mlendo anandifunsa katatu. Anati, “Ngati ndailasa ndiuze, mwana wanga. Ndilipira, ndipo tiilondola.” Ine ndi Chingerezi changa chonse cha kukoleji ndinamuuza kuti chipolopolo chadutsa pamwamba. Ndinawonjezanso nthabwala, kuti njatiyo yapita kukauza anzake kuti kuli mvula ya mabingu. Anaseka. Sikauti atafika anafunsa ngati pali magazi, ndinati palibe.

Pobwerera ku kampu tinadutsa pamudzi. Lackson anali pamsewu akumanga mitolo ya repu. Galimoto inaima kuti titenge masamba, ndipo ndinatsika.

“A Pulofesa, tamva mfuti. Nyama ili kuti? Kapena mwaiwombera ndi Chingerezi?”

“Yakana kufa lero. Yati ilibe nthawi.”

“Malayawa ndi atsopano? Mukafa mundisiyire.”

“Muyambe mwasamba.”

Ndinkadziwa kumene njati yalowera. Ndinkadziwa dimba lake lili kuti. Mawu anafika apa, pakhosi. A Chipewa anali pa chiwongolero, mlendo pambali pawo, sikauti kumbuyo. Ndinati ndimuuza mawa, pandekha. Ndinakwera galimoto, iye akundikuwiza kuti ndipereke moni kwa mbuzi za kukoleji.

M'mawa mwake ife tinapita mbali ina, ndipo mlendo anapha njati ina, bwinobwino, ataiyendera pansi. Tinajambulitsa. M'chithunzi chimenecho ndikumwetulira. Nthawi yomwe tinkajambulitsayo n'kuti Lackson atagona m'mizere ya anyezi. Anapita ndi keni yake kukathirira kukucha, ndipo njati yolasidwa ija inatuluka m'bango. Amene anamupeza ndi mkazi wake, amake Tisa, pomupititsira phala. Mkaziyo anali ndi pakati.

Masikauti anaipha njatiyo pambuyo pake, chilonda chitayamba kununkha. Anthu anati ndi ntchito ya opha nyama mozemba, ndipo palibe anatsutsa. Kampu inagula bokosi, inatumiza ufa ndi nyama ya pamaliro. Wokapereka anali ndani? Wodziwa kulankhula. Ndinaima pamanda a mlamu wanga nditavala tayi, n'kunena m'malo mwa kampu kuti tagwidwa ndi chisoni, ndiponso kuti anthu oipa amene amalasa nyama n'kuisiya ayenera kusakidwa. Azimayi anavomereza ndi mitu. Apongozi anga aamuna anandigwira dzanja ndi manja awiri, akuti, “Mkamwini, mwatibisa manyazi.” Pogawa zovala za malemu anandipatsa jekete.

Zotsatira zake mukuzidziwa, ambiri mwadutsamo. Ndinayamba ndi kabotolo kamodzi kuti tulo tibwere. Kenako kabotolo ka m'mawa kuti manja aleke kunjenjemera. Mlendo wina ndinamuthira supu pamwendo. A Chipewa sanandikalipire, anandipatsa envulopu n'kunena kuti ndikapume kwathu, ndipo tonse awiri tinadziwa kuti envulopuyo ndi ya chiyani. Mkazi wanga ndinamuuza kuti ndikukafuna ntchito ku tauni. Ntchito ndinaipezadi: ndinakhala mlangizi wamkulu wa zandale ndi zampira m'mashabini a ku Nabvutika, malipiro ake kachasu. Foni ndinagulitsa. Nsapato zija ndinagulitsa. Tayi palibe anaifuna. Ndinkagona kuseri kwa matebulo a pamsika, ndipo anyamata a mabasi akafuna kuseka ankandigulira kapu kuti ndiwauze za mikango. Ndinkawauza. Ndinali woseketsa kwambiri nthawi imeneyo. Jekete lokha sindinagulitse, komanso sindinalivalepo. Ndinkaliyendetsa m'pulasitiki.

Tsiku lina masana, dzuwa lili pamutu, ndinali nditakhala pansi pa khonde la sitolo pafupi ndi pokwerera mabasi ku Kapata. Ndinaona mapazi a mzimayi aima patsogolo panga, osasuntha. Nditakweza maso ndinapeza ndi amake Tisa, mkazi wa Lackson. Anali atawonda, m'manja atanyamula khanda lokulungidwa m'shawelo. Anachilira ku chipatala chachikulu kuno ku Chipata chifukwa mimba inavuta, ndipo tsiku limenelo n'kuti atamutulutsa. Asanakwere galimoto ya kumudzi anayenda msika wonse akufunsa za munthu wotchedwa Pulofesa.

“Atate ake Chisomo,” anatero, “ndinu amene?”

“Ndine, amake Tisa. Ofesi yanga ndi ino. Mipando anaitenga kokakonza.”

Sanaseke, komanso sanakwiye. Anakhala pansi pambali panga, pafumbi pomwepo. Anatulutsa botolo la madzi m'chikwama.

“Tambasulani manja.”

Ndinatambasula. Anandithira madzi ngati mwana, ndinasamba. Kenako anandiika khandalo m'manja.

“Ndi mwamuna. Alibe dzina. Anesi andifunsa, ndati dzina lili ndi mwini wake. Alamu anu ankanena kuti akadzakhala mwamuna, atchule ndi a Pulofesa, atipatse dzina la m'mabuku, mwina mwanayo n'kudzamaliza sukulu imene iwo anaithawa.”

Abale, mwana wa masiku ochepa salemera. Koma manja anga analephera. Mwanayo anali ndi mphumi ya atate ake, yotukuka pang'ono, imene ndinkaiseka kuti ndi khonde. Anayasamula. Ndinafufuza nthabwala m'mutu monse, pakuti moyo wanga wonse pakavuta nthabwala imabwera yokha. Sinabwere. Ndinamva mabasi akuitana, wina akugulitsa nthochi, ndipo ndinadziwa kuti ndikangotchula dzina, mwanayu adzalinyamula mpaka kumanda, ndipo aliyense akamuitana adzakhala akuitana bodza langa.

Ndinati, “Sindingamutchule.”

“Chifukwa cha mowa? Mowa si kanthu, dzina silinunkha.”

“Njati ija tinailasa ndife.”

Ndinamuuza zonse, za galimoto, za magazi, za nsapato yanga pa mchenga. Sindinakometse. Aka kanali koyamba kulankhula Chinyanja chopanda zokometsera chichokereni kukoleji. Anamvetsera akuyang'ana kutsogolo. Nditamaliza anatenga mwana m'manja mwanga pang'onopang'ono, kuti asadzuke, n'kumufunditsa bwino. Ndinkadikira kuti akuwe, anthu abwere andimenye. Ndinkafuna atatero.

“Madzulo aja munakumana pamsewu,” anatero. “Munali mukudziwa kale?”

“Ndinali ndikudziwa.”

“Munakamba chiyani?”

“Za malaya anga.”

Anagwedeza mutu. “Anafika kunyumba akuseka. Ndinamufunsa chikukuseketsa n'chiyani, anati a Pulofesa. Anadya akuseka.”

Anaimirira, anakonza chitenje, n'kupita kukakwera galimoto. Sanacheuke.

Ndikanakonda kukuuzani kuti tsiku lomwelo ndinasiya mowa. Ndinamwa kuposa masiku onse. Koma chinthu china chinali chitasintha. Poyamba ndinkamwa kuti ndisanene. Tsopano ndinali nditanena, ndipo mowa unalibenso ntchito, unangotsala chizolowezi cha thupi. Thupi limalimbana nawe, koma silichenjera ngati chinsinsi.

Sitolo imene ndinkakhala pakhonde pake ndi ya a Yusufu, bambo wachisilamu wogulitsa misomali, malata ndi simenti. Anamva zonse ali mkati, chifukwa khonde lawo lilibe chitseko. Patapita masiku anandiitana. “Aphunzitsi, matumba a simenti safuna Chingerezi. Mukabwera m'mawa osanunkha, munyamula. Mukanunkha, mubwerera, mubwerenso mawa.” Ndinabwezedwa kambiri. Sanandilalikirepo. Ankangondinunkhiza pakhomo ngati mayi wogula nsomba. Masana ankandipatsa tiyi ndi chakudya m'malo mwa ndalama, malipiro n'kundisungira mpaka Loweruka, ndipo Lowerukalo ankandiperekeza okha kukatumiza kwa amake Chisomo ndisanadutse pa shabini. Ngati mukufuna kusiya, pezani munthu wotere, wokhala ndi mphuno yabwino ndi mawu ochepa. Ndipo njira yanu yopita kunyumba muisinthe. Ine mpaka lero ndimazungulira kutali kuti ndisadutse ku Nabvutika, ngakhale kuli anthu abwino.

Manja atasiya kunjenjemera ndinapita ku ofesi ya zanyama zakutchire kukanena. Anandifunsa mafunso tsiku lonse, ena obwerezabwereza, ndipo ndinauzidwa kuti nanenso ndikhoza kuimbidwa mlandu. Ndinati ndamva. Nkhaniyo ikadali m'manja mwawo, sindikudziwa kuti idzatha bwanji. A Chipewa akuti ndine chidakwa chopeka nkhani, ndipo theka loyamba la mawu amenewo sindingalitsutse. Mlendo wa njati uja anamva kudzera kwa iwo aofesi. Ndinauzidwa kuti nyanga zija anazitsitsa pakhoma. Munthuyo anakhulupirira kampu, anakhulupirira ine, anafunsa katatu. Tinamusandutsa wakupha munthu iye osadziwa.

Inu amene mukupita kumakampu, ndilibe nzeru zambiri, koma izi ndazigula. Musanalembedwe ntchito funsani anthu a m'midzi yoyandikana kuti nyama ikalasidwa n'kusowa, kampuyo imatumiza uthenga kapena ayi. Musafunse mwini wake, funsani amayi otunga madzi. Mukaona bwana akuuza mlendo kuti awombere ali pa galimoto, dziwani kuti tsiku lina adzakuuzani kuti mukwirire magazi. Ndipo mukaona magazi, nenani mokweza nthawi yomweyo, pamaso pa sikauti ndi pa mlendo, musanayambe kuganiza. Ine ndinaganiza. Makampu abwino alipo, ndawaona, kumene mlenje wamkulu amalowa m'bango yekha patsogolo, chifukwa nyamayo ndi yake. Ntchito imeneyi yonse yaima pa mawu a anthu ochepa amene anaona, kutchire kopanda mboni.

Chotsiriza chinali kupita kumudzi. Ndinasunga ndalama kwa a Yusufu, ndikuganiza kuti akanditchulira mbuzi zingapo, mwina ng'ombe, ndiyambe kulipira pang'onopang'ono. Ndinakhala pansi pabwalo la apongozi anga, abale onse atazungulira, n'kunenanso zonse. Apongozi aamuna, aja anandigwira dzanja pamanda, anayang'ana manja awo nthawi yonseyo. Mkazi wanga anakhala kumbuyo kwa amayi ake. Nditamaliza analankhula mawu amodzi okha: “Unagona pambali panga ndikulira mchimwene wanga, n'kumandisisita pamsana.” Sanabwerere kwa ine, ndipo sindinamupemphe. Chisomo amandilola kumuona. Mwana wa Lackson uja anamutchula agogo ake, dzina labwino la m'Chikunda, chilankhulo cha kwawoko, losachokera m'buku lililonse.

Amalume a malemu anati mlandu wa munthu sulipidwa ndi mkamwini wonyamula simenti, koma mwini chisoni anene chimene akufuna. Onse anatembenukira kwa amake Tisa. Anali akuyamwitsa.

“Mbuzi zake sindizifuna,” anatero. “Ndizidzaziona m'khola tsiku lililonse. Keni yothirira ija njati inaiponda, inaphwanyika. Kuyambira pamenepo ndimathirira ndi beseni, msana ukundipweteka. Agule keni. Akabwera nayo asandipatse m'manja, aisiye pa mpanda wa dimba.”

Ndinadikira kuti apitirize. Anali atamaliza.

Ndinabwerera ku Chipata, ndinapita kwa amisiri osula malata kuseri kwa msika wa Kapata, ndinasankha yolimba, ya chogwirira chokhuthala. Mmisiri anati mtengo tikambirane, ine ndinati ayi, nenani basi. Anadabwa, anachotsako yekha pang'ono. Ndinakwera nayo galimoto ya ku Malambo nditaiika pamiyendo, ndinaisiya pa mpanda m'mawa, amake Tisa ali chakumunsi akupalira anyezi, mwana kumsana. Anaiona. Sanaweramuke.

Mlamu wanga Lackson, abale, ndinamulipira K120.